Pogona pa Wantchito M'dziko la Eni

Chiyambire kale, munthu akaitanidwa kukagwira ntchito kudziko lakutali, mtima wake umathamangira pa malipiro, ndipo abale ake nawonso, pomuperekeza, amakhala akuwerengera za malata amene adzagule ndi fizi ya ana imene adzatumize. Koma ndi owerengeka amene amakhala pansi n'kufunsa kuti dzuwa likadzalowa tsiku loyamba m'dziko la enilo, munthuyo adzatsamira pati, mkazi wake ndi ana adzamutsatira liti, ndipo katundu amene wasonkhanitsa m'zaka zonse za thukuta lake adzayenda njira iti. Kalata yolembera munthu ntchito imanena momveka za udindo ndi ndalama, pamene za pogona imangozikhudza ndi mzere umodzi, kapena kuzisiya osazitchula n'komwe. Komatu mwa amene anabwerako nthawi isanakwane, ndi amene anapirira koma mabanja awo n'kupasuka, alipo ambiri amene ntchito anaitha bwino lomwe, chimene chinawagwetsa ndi nyumba.

Owerenga Malembo akumbukira kuti Farao, pamene anafuna kuti banja la Yakobo litsikire ku Igupto kumene Yosefe anali nduna, sanangotumiza mawu oitana, koma anatumiza magaleta onyamula ana, akazi ndi nkhalamba ija, ndipo anthuwo anapatulidwira dziko la Goseni kuti akhalemo ndi zoweta zawo. Mfumu imeneyo inazindikira chinthu chimene olemba ntchito ambiri, akale ndi amakono omwe, amachiphunzira mochedwa kapena kuchikana dala, chakuti wosamutsa wantchito wasamutsa khomo lathunthu, ndipo mtengo wa msamukowo akapanda kuulipira iye, pali wina amene aulipire.

Ife a kuno sitisowa kupita kutali pofuna chitsanzo, pakuti agogo athu anali pakati penipeni pa msamuko wa antchito waukulu koposa umene chigawo chino cha Africa chinauonapo. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, eni migodi ya golide ya ku Johannesburg, ataona kuti anthu a m'dziko lawo sakukwanira, ndiponso kuti salola kutsikira kunsi kwa nthaka pa malipiro ochepa chotero, anakhazikitsa bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene kwathu kuno linatchuka ndi dzina loti Wenela, dzina limene likumvekabe mpaka lero pa depoti ya mabasi mumzinda wa Blantyre. Ntchito ya bungweli inali imodzi yokha: kutenga mwamuna wamphamvu pakhomo pake, kumufikitsa pakamwa pa mgodi, ndi kumubweza kwawo pangano likatha.

Ndipo tiyenera kuvomereza kuti pa nkhani ya mayendedwe Wenela anali katswiri wosapikisana naye. Pamene oyenda paokha ankaponda wapansi milungu yambiri, kudutsa dziko la Tete ndi kuoloka Zambezi, ena n'kutsirizika panjira ndi njala, malungo kapena zilombo, Wenela anamanga misasa, anaika malole, mabwato ndi sitima za pamtunda, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anayamba kuulutsa ndege zakezake. Mnyamata amene anali asanakwerepo ngakhale galimoto ankapimidwa chifuwa, kuikidwa pasikelo, kudinda chala papepala, n'kukwezedwa ndege mpaka ku Francistown, m'dziko la Bechuanaland limene lero ndi Botswana, kumene sitima inkamutenga ulendo wa ku Joni. Ngakhale ndalama zinali ndi njira yakeyake, popeza gawo la malipiro linkasungidwa kuti mwiniwake akalandirire kwawo. Pofika chaka cha 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa, ndiko kunena kuti mwa antchito akuda anayi aliwonse, mmodzi kapena kupitirirapo anali wa kuno.

Koma ulendo wokonzedwa mwaluso chomwechi unkathera pachipata cha komponi, ndipo apa m'pamene nzeru za eni migodi zinaonetsa nkhope yake ina. Komponi inali mpanda wa nyumba zazitali zoyang'anana, wokhala ndi chipata cholonderedwa ndi apolisi a mgodi. M'chipinda chimodzi munkagona amuna 20 kapena kupitirira, patimabedi ta simenti tosanjikizana m'mbali mwa khoma, mbaula ya malasha ili pakati, zovala zonyowa ndi thukuta la pansi zitapachikidwa pamwamba. Amuna ankagawidwa m'zipinda monga mwa mitundu yawo, Anyasa paokha, Ashangani paokha, Asutu paokha, kuopa kuti angamvane n'kuukira. Ndipo mkazi kapena mwana analibe malo m'menemo. Lamulo lenilenilo linkaletsa mgodi wa golide kumangira nyumba za mabanja antchito akuda opitirira 3 mwa 100 aliwonse, ndipo mlendo wochokera kunja kwa dzikolo sankawerengedwa pa ochepawo. Kuti kakhalidwe kameneka kanali kakupha, eni ake anadziwa kuyambira pachiyambi, pakuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto kuno, chifukwa chibayo chinkawapulula koopsa. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, koma komponi inatsala chikhalire.

Motero funso lakuti banja la wantchito likhala kuti, eni migodi analiyankha mwa kusenzetsa mudzi katundu yense. Mudzi ndiwo unalera mwana kufikira msinkhu wolowa mumgodi. Mudzi ndiwo unadyetsa mkazi ndi ana m'miyezi 18 kapena zaka 2 za pangano, amayi akusosa, kugalauza ndi kufolera okha madenga. Ndipo mudzi womwewo ndiwo unalandira mwamunayo pobwerako ndi bokosi lachitsulo, bulangete, njinga ndi wailesi, komanso, kawirikawiri, ndi chifuwa chodzala fumbi la miyala chimene chinkamudya pang'onopang'ono kufikira kumanda. Ena sanabwerenso, anasanduka matchona, ndipo akazi awo anakalamba akuyang'ana kunjira. Sindikunena kuti ku Joni kunalibe phindu ayi, pakuti nyumba zambiri zamalata, magolosale ndi makina osokera oyamba m'midzi yathu zinagulidwa ndi ndalama za Wenela, ndipo madoda amene anapitako amasimba za kumeneko monyadira. Koma ndikunena kuti golide wa ku Joni anatsika mtengo wokumbira chifukwa chakuti amayi a ku Mzimba, ku Dedza ndi ku Ntcheu analipira lendi imene mgodi unakana kulipira.

Pa 4 Epulo 1974, ndege ya Wenela imene inanyamuka ku Francistown kubweza anthu kwawo inagwa itangouluka pang'ono, ndipo anthu 78 anafa, oposa 70 mwa iwo Amalawi amene anali atatsiriza pangano lawo. Dr Hastings Kamuzu Banda analetsa pomwepo kulemba anthu, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira unyinji wa antchito aja unabwerera kumudzi. Ntchitoyi inayambanso mu 1977 pansi pa dzina latsopano la TEBA, limene anthu ankati Theba, koma ndi anthu ochepa, ndipo inatheratu kuyambira mu 1988 pamene maboma a Malawi ndi South Africa anasemphana pa nkhani yoyeza antchito kachilombo ka HIV.

Amene anatsata njira ya ku Halale, kaya pamalole onyamula antchito otchedwa Ulere, kaya kudzera kwa bungwe lolemba antchito la Mthandizi, kaya paokha, anapeza zosiyanako. M'mafamu a fodya ndi m'migodi yambiri ya Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, mwamuna ankatha kukhala ndi mkazi wake, ndipo n'chifukwa chake Chichewa, gule wamkulu ndi mipingo ya kwathu zinamera mizu kumeneko. Koma nyumbayo inali ya bwana, yomangiriridwa ku ntchito. Pamene migodi inayamba kutsekedwa, monga wa Kamativi mu 1994 ndi wa Mhangura mu 2000, mabanja anatsala m'nyumba zosakhala zawo, m'timatauni topanda ntchito mmene mipopi inayamba kuuma. Ndipo pamene mafamu a azungu anayamba kulandidwa m'chaka chomwecho cha 2000, antchito ambiri anataya ntchito ndi pogona tsiku limodzi. Mnzawo wa Chishona anali ndi kumudzi kothawira. Koma iwo, obadwira mukomponi ya pafamu, kumudzi kwa agogo awo ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angonia ankangokumva m'nthano za madzulo.

Nchifukwa cha zinthu zotere kuti bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, mu uphungu wake nambala 115 wa chaka cha 1961, linalangiza kuti si bwino kwenikweni kuti wolemba ntchito akhalenso mwininyumba wa antchito ake, pokhapokha ngati ntchitoyo ili kutali ndi kumene kumakhala anthu, kapena ngati mtundu wa ntchitoyo ukufuna kuti munthu azipezeka pafupi. Uphunguwo ndi wanzeru, popeza munthu amene denga lake lili m'manja mwa bwana sangatsegule pakamwa kudandaula. Ndipo kuti komponi sinafe, dziko linaona mu 2020 ku Singapore, kumene mwa anthu 10 aliwonse amene anapezeka ndi Covid-19 m'chaka chimenecho, oposa 9 anali antchito obwera ogonekedwa mothithikana m'nyumba zawozawo. Koma uphungu womwewo umasiya funso lina lili poyera: bwana akapanda kupereka nyumba, mlendo wongofika kumene, wosadziwa njira kapena munthu, aipeza bwanji?

Masiku ano osamuka chifukwa cha ntchito ali m'magulu awiri osafanana. Gulu loyamba ndi la akuluakulu a makampani, akazembe ndi akatswiri a mabungwe, amene amatumiziridwa anthu olongedza katundu, kulipiriridwa pogona pa masabata oyamba, kufuniridwa nyumba ndi sukulu ya ana. Komabe ngakhale iwowa sagona tulo tabwino. Kontena ya mafiti 20 imatha kunyamula katundu wa nyumba yocheperako, koma kwa wochokera ku Lilongwe kapena ku Lusaka, kumene kulibe nyanja yamchere, kontenayo iyenera iyambe yakwera lole mpaka ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, kudikira pamalire, kudikira sitima padoko, ndi kudikiranso a msonkho kutsidyako. Ndipo pepala limodzi likasowa, kontena imakhala padoko ikuwerengeredwa ndalama tsiku ndi tsiku, eni ake akugona pamatiresi obwereka. Izi n'za m'masiku amtendere. M'mwezi wa Malichi 2021 sitima yaikulu yotchedwa Ever Given inapingasa mu ngalande ya Suez n'kuitseka masiku 6. M'chaka chomwecho mtengo wonyamulira kontena ya mafiti 40 panjira zikuluzikulu za panyanja unapitirira madola 10,000, pamene mliri usanadze sunkafika ngakhale 2,000. Ndipo kuyambira kumapeto kwa 2023, sitima zambiri, poopa kuomberedwa pa Nyanja Yofiira, zinayamba kuzungulira kumwera kwa Africa, ulendo n'kutalika ndi masiku 10 kapena kupitirira.

Katunduyo akafika, nyumba yoti alowemo ndiyo imasowa, pakuti mizinda imene ikuitana antchito kwambiri ndi yomweyo imene ikumanga nyumba mochedwa. Ku Dublin zinafika poti kampani ya ndege ya Ryanair, kumayambiriro kwa 2024, inagula nyumba 25 zatsopano m'dera la Swords kuti mugone antchito ake a m'ndege, ndipo anthu a m'deralo, amene nawonso ankasowa nyumba, anadandaula kwambiri. Ku Netherlands, m'chaka chomwecho, boma ndi akuluakulu a chigawo cha Eindhoven analonjeza mayuro 2.5 biliyoni okonzera nyumba, misewu, magetsi ndi maphunziro, poopa kuti kampani ya ASML, yopanga makina opangira tizipangizo ta m'kati mwa makompyuta, ingakakulire kudziko lina. Apa pali chinthu chimene tisachilambalale: mlendo wolipiriridwa nyumba ndi kampani amakweza lendi kwa eni mudzi, iye osadziwa n'komwe, ndipo chidani chimayambira pomwepo. Anthu a ku Lilongwe akudziwa bwino chifukwa chimene lendi ya nyumba zina za ku Area 10 ndi Area 43 imatchulidwira m'madola.

Koma gulu lachiwiri ndilo lalikulu, ndilonso la abale athu, ndipo pa ilo ndifuna tikhalitse. Tiyeni titsate namwino wa ku Malawi, ku Zambia kapena ku Zimbabwe amene wapeza ntchito m'chipatala cha boma ku England. Maiko atatuwa ali pa mndandanda wa maiko 55 umene bungwe la zaumoyo la WHO linatulutsa mu 2023, wa maiko osowa antchito a zaumoyo kotero kuti olemba ntchito akunja sayenera kupitako kukakopa anthu. Koma munthu payekha saletsedwa kufunsira ntchito, ndipo ambiri amatero. Namwinoyu walemba mayeso a Chingerezi, walemba mayeso oyamba a unamwino pakompyuta, wapimitsa chifuwa chachikulu monga lamulo la viza lifunira, mwina wagulitsa poloti kapena kutenga ngongole. Tsopano moyo wake wonse waulongedza m'zikwama ziwiri za makilogalamu 23, mmene muli zitenje, Baibulo, mthiko, ufa ndi usipa wouma, popeza nyama ndi zamkaka saloledwa kulowa nazo, ndipo wakwera ndege yodzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg.

Chipatala chimamulandira pabwalo la ndege, ndipo kawirikawiri chimamupatsa chipinda kwa mwezi umodzi kufikira itatu. Masabata amenewa amaoneka ambiri kwa munthu amene ali kuno. Koma taonani zimene ziyenera kuchitika m'kati mwake. M'nyengo yomweyo ayenera kukonzekera ndi kulemba mayeso otsiriza a ntchito ya manja, otchedwa OSCE, ndipo asanawakhoze salembedwa m'kaundula wa anamwino, amalandira malipiro a wothandizira chabe. M'nyengo yomweyonso ayenera kupeza nyumba yakeyake, pamsika umene eni dziko nawonso akulimbirana. Wosamalira nyumba za lendi amayamba wafuna umboni wakuti munthuyo ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo, chifukwa kuyambira mu 2016 lamulo la ku England limalanga mwininyumba amene wapereka nyumba kwa wopanda chilolezo, ndipo eninyumba ena, posafuna kuvutika ndi mapepala achilendo, amangosankha wa pasipoti ya dziko lomwelo. Akatero amafuna mapepala a malipiro a miyezi ingapo, amene wongofikayo alibe. Amafuna kalata ya mwininyumba wakale, amene ali ku Chilomoni kapena ku Chitungwiza. Amafufuza mbiri ya mmene munthuyo amabwezera ngongole, ndipo amapeza kuti dzina lake silidziwika paliponse. Potsiriza amafuna munthu wokhala m'dzikomo, wa chuma chooneka, woti alonjeze kulipira lendi ngati mlendoyo walephera. Ndani angaike khosi lake pa munthu amene wamudziwa dzana? Kwa eni kulibe mkuwe.

Tsono tiyeni tiwerengere. M'chaka cha 2024 namwino woyamba kumene ntchito m'zipatala za boma ku England ankalandira pafupifupi mapaundi 30,000 pachaka, msonkho usanachotsedwe, ngakhale a ku London amawonjezeredwako. Osamalira nyumba ambiri amatsata muyeso wakuti malipiro a pachaka akhale ochuluka maulendo 30 kuposa lendi ya pamwezi. Motero namwino wathu, pa malipiro ake okha, akhoza kuvomerezedwa nyumba ya mapaundi 1,000 pamwezi, pamene kumapeto kwa chaka chomwecho lendi ya pakatikati mumzinda wa London inali itapitirira mapaundi 2,000. Asanalandire makiyi ayenera kupereka chikole, chimene lamulo la 2019 linachiikira malire a lendi ya masabata 5, ndi lendi ya mwezi woyamba pamwamba pake. Ndipo kwa zaka zambiri wopanda womuimira ankauzidwa kuti alipiriretu miyezi 6. Atalowa, amapeza kuti lendi siyokha: pali msonkho wa khonsolo umene amalipira ndi wokhala m'nyumba, pali madzi, pali magetsi ndi gasi wotenthetsera nyumba, amene m'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale amadya ndalama koopsa, ndipo pa viza yake palembedwa kuti sayenera kulandira thandizo la boma, kutanthauza kuti nyumba zotsika mtengo za khonsolo ndi ndalama zothandizira lendi, zimene mnzake wa m'dzikomo angapemphe, kwa iye n'zotsekeka. Amene ali kumudzi amangosintha mapaundi aja kukhala makwacha n'kugwira pakamwa, osadziwa kuti n'chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Chifukwa cha ichi ambiri amayamba ndi chipinda chimodzi m'nyumba yogawana ndi anthu osawadziwa, khitchini ndi bafa zili zapamodzi; ndipo chipinda chotere sichilola ana. Apa m'pamene mtima wa nkhani uli. Mayi amene anatsanzika ana ake ndi lonjezo lakuti pakatha miyezi itatu adzawatenga, amapeza kuti kuwatenga kufuna nyumba ya zipinda ziwiri, ndalama za maviza ndi matikiti, ndiponso adiresi yokhazikika, popeza malo a sukulu ya boma amaperekedwa potsata kumene banja likukhala. Ndipo miyezi itatu ija imasanduka chaka, mwina ziwiri, ana akukula pa foni, agogo awo akusenza katundu amene anasenza amayi a m'masiku a Wenela. Anawo akafika, vuto limangosintha malaya, pakuti kumeneko kulibe agogo, azakhali kapena mnansi woti n'kumusiyira mwana. Olera ana amafuna ndalama zambiri, ndipo kusiya mwana wamng'ono yekha m'nyumba kukhoza kuitanitsa a boma oona za ana. Motero bambo ndi mayi amagawana nthawi, wina wa usiku wina wa usana, n'kumangopatsana moni pakhomo, wina akulowa wina akutuluka.

Ngati namwino wa m'chipatala cha boma, amene ali ndi bwana wodziwika ndi bungwe lomuyankhulira, akuona zotere, nanga bwanji wosamalira okalamba? Kuyambira mu Febuluwale 2022 dziko la Britain linatsegula khomo kwa antchito a mtundu umenewu, ndipo anthu a ku Zimbabwe anali m'gulu la mitundu itatu imene inapita mochuluka, pamodzi ndi a ku India ndi a ku Nigeria. Ambiri analipira ndalama zankhaninkhani kwa amkhalapakati kuti apeze kalata ya wowalemba ntchito. Ena atafika anapeza kuti maola a ntchito amene analonjezedwa palibe, ndipo anagonekedwa ambirimbiri m'nyumba ya bwana yemweyo, lendi ikudulidwa pa malipiro. Ntchito yoyendera okalamba m'makomo mwawo imafunanso galimoto, pamene laisensi yakunja imagwira ntchito miyezi 12 yokha; wa ku Zimbabwe kapena ku South Africa akhoza kusinthitsa yake ndi ya kumeneko, koma wa ku Malawi ndi wa ku Zambia ayenera kulembanso mayeso. Ndipo popeza viza inamangiriridwa kwa bwana mmodzi, bwanayo akalandidwa chilolezo chake cholembera alendo, monga zinachitikira makampani oposa 470 pakati pa Julayi 2022 ndi Disembala 2024, wantchito wosalakwa amataya ntchito, nyumba ndi maziko a chilolezo chake pakamodzi.

Boma la Britain litaona kuti obwera achuluka, linalamula kuti kuyambira pa 11 Malichi 2024 wosamalira okalamba wofunsira viza yatsopano asatengenso mkazi, mwamuna kapena ana, ndipo mu Julayi 2025 linatsekeratu kulemba antchito otere kuchokera kunja. Anamwino lamulo loletsa mabanjali silinawakhudze. Dziko lililonse lili ndi ufulu woyang'anira malire ake, ndipo izi sitingatsutse; koma munthu wodziwa mbiri ya komponi sangalephere kuona kuti kufuna manja a munthu n'kukana ana ake ndi nzeru yomweyo ya eni migodi, ndipo ine ndiiyesa yosalungama, makamaka pamene manjawo akuitanidwa kukasambitsa ndi kudyetsa makolo a eni dziko.

Chimene chapulumutsa ambiri si makampani kapena maboma, koma abale. M'mizinda ya kumeneko Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe ali ndi mipingo, mabungwe ndi magulu a pa WhatsApp mmene amauzana za chipinda chimene chatsala, za mwininyumba wa mtima wabwino, za bedi ndi mapoto amene wina akutaya. Wongofika amagona pampando wa pabalaza kwa mnzake wa kusukulu, amabwerekedwa jekete la chisanu, amaperekezedwa kubanki ndi kwa dokotala. Indedi mutu umodzi susenza denga. Koma chifundo chimenechi chili ndi malire ake, pakuti wolandira mlendoyo nayenso ndi mlendi, ndipo pangano lake la nyumba kawirikawiri limatchula anthu ololedwa kukhalamo. Mlendo akakhalitsa, onse awiri akhoza kupezeka panja. Si chilungamo kuti katundu amene anayenera kusenzedwa ndi wolemba ntchito, amene apindula ndi namwino wophunzitsidwa ndi misonkho ya dziko losauka, atulidwe pamsana pa mlendo mnzake amene naye sanakhazikike.

Tsono inu, mbale wanga, amene kalata yoitana yakufikani, kaya ndi ya ku Manchester, ku Dublin, ku Doha kapena kuminda ya ku Israel, musafulumire kusaina chifukwa cha chimwemwe. Funsani, ndipo yankho lake alembe papepala, kuti pogona adzakupatsani kwa masabata angati, mudzagona angati m'chipinda, ndipo ndalama yake ndi mphatso kapena ngongole yodzadulidwa pa malipiro. Funsani ngati bwanayo adzalola kukuimirani kwa mwininyumba kapena kukubwerekani chikole. Funsani kuti mukadzafuna kusiya ntchito pangano lisanathe mudzabweza zingati. Ndipo pezani munthu wa kwanu amene akugwira kale ntchito pamalopo, mumve kwa iye za lendi ya m'deralo musanalonjeze ana anu tsiku lowatenga. Nyumba yanu ya kuno musaigulitse, ndipo padera pa zonse sungani ndalama ya tikiti yobwerera, pakuti ku Britain, bwana akakusiyani, nthawi imene a boma amapereka kuti mupeze wina kapena mutuluke m'dzikomo kawirikawiri ndi masiku 60.